Ababa ndi M'bawa wa Abiti Yusufu

Tsiku lomanga chiliza cha ababa, mwezi wathawu, anthu analankhula zambiri. A kumpingo anati malemu a Bonifasi Muhiwa sankajomba ku Misa. Mlongo wanga Pitala, amene anachita kubwera kuchokera ku Joni, anati anali bambo wolimbikira amene anatiphunzitsa sukulu tonse. Zonsezo n'zoona. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchulako makina ocheka matabwa, chonsecho ambiri mwa anthuwo anali atakhalira mabenchi okhota amene anachekedwa ndi makina omwewo. Sikuti anaiwala ayi. Kumbuyo, pakati pa azimayi, kunali Abiti Yusufu, mnansi wathu wachisilamu, atafunda mpango wawo woyera, ndipo wolankhula aliyense maso ake akafika pamenepo ankafulumira kuyang'ana kwina.

Ababa anagwira ntchito moyo wawo wonse m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe. Ankabwera kumudzi Loweruka atanyamula buledi ndi nyuzipepala yakale, n'kubwerera Lolemba m'mamawa. Ife tinakula tikuwadziwa ngati mlendo wa kumapeto a sabata, wonunkhira penti ndi simenti. Abiti Yusufu ndi amene anawapatsa dzina loti a Limbe. Akawaona akutsika pa njinga ankafuula ali kumunda kwawo kuti, "A Limbe afika! Bisani mawailesi!"

Za mawailesizo zinali ndi chifukwa. Ababa chinthu chotseka sichinkawapatsa mtendere. Wailesi, wotchi, loko, tochi, ngakhale makina osokera a amayi, zonsezi anazimasulapo kuti aone mkati. Kubwezeretsa ndiye kunkavuta. Nthawi zonse pankatsala kasikuluwu, iwo n'kunena kuti opangawo anangoikamo kowonjezera. Ankakonda kunena kuti munthu amene sanaone mkati mwa chinthu sikuti ndi chake, wangochibwereka. Amayi ankawayankha kuti iwo bola wailesi yobwereka yolira kusiyana ndi yawoyawo yakufa.

Ndewu zawo zinali zapakamwa, ndipo zonse zinkathera pamodzimodzi. Ababa kwawo kunali ku Phalombe. Kuno kwa Kadewere anabwera kudzakwatira, choncho munda, dimba, ngakhale malo amene panali nyumba, zonse zinali za kuchikazi. Akapsa mtima ankati pamudzi pano chawo ndi buluku ndi njinga basi, ndipo tsiku lina adzavala chimodzi n'kukwera chinacho. Amayi ankangoti, "Mukafike bwino," uku akupitiriza kusenda nandolo. Sanapite. Koma mawuwo sanali nthabwala yokhayokha. Anafika pokalamba akumvabe kuti aliyense wowakaniza chinthu pano akuwakumbutsa kuti ndi obwera.

Ana anga aang'ono sakuwadziwa a Limbe aphokoso amenewo. Iwo agogo awo akuwakumbukira ngati munthu wachete amene popita ku tchalitchi ankazungulira njira yaitali ya kuseri kwa sukulu, chipewa atachitsitsira kumaso, pomwe njira yachidule yodutsa kudimba ilipo. Mwana wanga wamkazi anawafunsapo kuti bwanji amakonda kuzungulira. Anamuyankha kuti adokotala anawauza kuti aziwongola miyendo.

Makinawo anabwera chonchi. Atapuma pa ntchito, ababa anasowa chochita. Khasu silinkawakhala m'manja, ndipo bawo ndi Che Ajibu, amuna awo a Abiti Yusufu, inali ya masana okha. Pitala ndiye anawatumizira kanema pa foni: munthu wina wa kunja ali m'nkhalango yekhayekha, akukankha timakina pang'onopang'ono, chipika n'kumasanduka matabwa. Anaonera kanemayo mpaka foni inazima, anatumiza kuti akaitchaje ku Milepa, itabwera anayambiranso.

"Lusiya," anandiuza, "ine ndagulitsa matabwa mpaka imvi, koma sindinaonepo thabwa likubadwa."

Anamva kuti ku Limbe kuli munthu akugulitsa makina otero, ogwirapo kale ntchito. Anapita osauza munthu. Anabwera pa kagalimoto kotsegula kumbuyo, iwo atakhala pamwamba pa katunduyo ngati mkwati. Zinali njanji ziwiri zotheka kumasula n'kunyamula, injini ya petulo, ndi macheka ooneka ngati lamba wamano amene ankazungulira pa mawilo awiri. Amayi anazungulira katunduyo kamodzi.

"Ndiye muzigulitsa matabwa?"

"Ayi. N'zongosangalatsa mtima."

"Penshoni yonse ija?"

"Si yonse. Yatsalako ya petulo."

Anamanga chisakasa kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuphunzira. Wowaphunzitsa analipo ndani? Anali kanema uja basi. Lamba anaduka tsiku loyamba. Wachiwiri anavuka n'kukakola mu mpanda wa nkhuku. Ataphunzira kumumanga bwino, matabwa anayamba kutuluka, koma anali onenepa mbali ina, n'kumka naonda mpaka kumapeto. Ena akauma ankapindika ngati akufuna kuyang'ana kumbuyo. Anawagawa onse: mabenchi a ku tchalitchi, chitseko cha khola la mbuzi la aneba, thandala lotsukirapo mbale. Anthu ankalandira n'kuthokoza, akafika panjira n'kumaseka. Ababa ankaseka nawo, koma zinkawalowa. Anayamba kunena kuti vuto si iwo, vuto ndi mtengo. Bulugamu ndi malaina si mitengo yoti munthu angaonetsere luso. Apatseni mtengo weniweni muone.

Mtengo weniweni m'dera mwathu unatsala umodzi. Unali m'bawa waukulu wa m'mphepete mwa khwawa, pamalire a dimba la amayi ndi la Abiti Yusufu. Tonse tinakula tikuuona. Abiti Yusufu akatopa kuthirira ankakhala pansi pake, okha, miyendo atatambalala, ndipo ife tinkati amakonda mthunzi. Iwo analibe mwana wobereka okha. Analera ana a mng'ono wawo.

Ababa anayamba ndi amayi. Anati khwawa linasuntha, ndipo tsinde la mtengowo tsopano lili mbali yathu. Amayi anati, "Mtengo uwo si wathu. Musaukhudze." Atafunsa chifukwa, amayi anangobwereza mawu omwewo n'kulowa m'khitchini. Ababa anamva zomwe ankamva nthawi zonse: mkamwini alibe mtengo. Anafunsanso Che Ajibu ali pa bawo. Che Ajibu anasiya dzanja lili m'mwamba, nati, "Za mtengo uwo, achimwene, funsani amayi kunyumba." Anataya njere zawo n'kuyamba nkhani ya mtengo wa fetereza.

Kwa Abiti Yusufu ababa sanapiteko. Patapita nthawi anandiuza okha chifukwa chake. Ankadziwa kuti akanizidwa. Anaganiza kuti akadula kaye, n'kuwapangira chitseko chokongola ndi tebulo, mkwiyo udzatha wokha.

Mpata unapezeka m'chilimwe. Amayi anapita kuchipatala ku Boma kukadikirira mng'ono wanga amene anali woyembekezera, ndipo Che Ajibu ndi akazi awo anapita ku sadaka kwa abale awo cha ku Namadzi. Ababa anapeza amuna awiri aganyu a ku Milepa, osadziwa za kuno. Nkhwangwa zinalira m'mawa wonse. Mtengowo utagwa, nthaka inagwedezeka mpaka kunyumba kwanga, ndipo anthu anatuluka m'makomo kudzaona. Mawa lake ababa anamasula makina n'kukawamanga kudimba komweko, pamalo osalala pafupi ndi chitsa.

Ndinalipo, ndipo anthu analipo ambiri, chifukwa phokoso la injini linkaitana aliyense. Ababa anakankha makinawo mofatsa, lilime lili panja ngati mwana wolemba mayeso. Thabwa loyamba litatuluka anazimitsa injini. Linali lofiira, lowongoka kuyambira uku mpaka uko, mizere yake ngati madzi oyenda. Anthu anaomba m'manja. Ababa analisisita ndi chikhatho, utuchi uli mbuu m'nsidze.

"Lusiya, tabwera uone! Waona mkati mwake? Ndinkanena ine!"

Sindinawaonepo atakondwa chotero, ngakhale tsiku la ukwati wanga. Anachekanso ena angapo, onse owongoka.

Abiti Yusufu anatulukira ku njira ya kumsewu, phukusi la paulendo likadali pamutu. Sanadutse n'kunyumba komwe. Anaima pakati pa anthu n'kuyang'ana m'mwamba pomwe panali nthambi, kenako chitsa, kenako makina. Ababa anawathamangira akumwetulira mwamanyazi, thabwa lili m'manja.

"Mayi, musakwiye. Taonani. Ili ndi lanu, ndipo ndikupangirani..."

"Chotsanipo chitsulo chanucho," anatero Abiti Yusufu. Mawu awo anali otsika. "Mwamuponda."

"Ndamuponda ndani?"

"Mwana wanga."

Anatula phukusi, anagwada, n'kuyamba kukusa utuchi ndi manja pakati pa njanji zija. Ankaukusa mosamala, kuutaya pambali, n'kukusanso. Agogo ena aakazi, mmodzi yekha pagulupo amene ankadziwa, anayamba kulira, ndipo ndi kwa iwo kumene nkhani inatulukira, kunong'onezana kuchoka pa munthu uyu kupita pa uyo. Kalekale, ine ndisanabadwe, Abiti Yusufu anabereka mwana wamwamuna atamwalira kale. Monga zinkachitikira nthawi imeneyo, azimayi ochepa okha ndi amene anakamuika, mwakachetechete, m'mphepete mwa khwawa. Amayi anga anali m'gulu lawo. Atachira, Abiti Yusufu anadzalapo kamtengo kuti asadzataye malowo. Sanaberekenso.

Ababa anayang'ana thabwa lomwe linali m'manja mwawo ngati sakudziwa kuti lafika bwanji pamenepo. Analiika pansi. Anayesa kumasula njanji, koma analephera. Amuna aganyu aja ndi amene anamasula n'kunyamula. Anthu anabalalika mmodzimmodzi osatsanzikana. Ine ndinayenda pambuyo pa ababa mpaka kunyumba, ndipo msana wawo tsiku limenelo sindidzauiwala. Ndinkafuna kuwagwira mkono, ndinkafunanso kuti anthu asandione kuti ndine mwana wawo.

Amayi atabwera ku Boma anali atamva kale panjira. Tinkayembekeza ndewu yoti mudzi wonse umve. Sanakalipe. Anaika mwana wakhanda wa mng'ono wanga pa mphasa, anavala chitenje china, n'kupita kwa Abiti Yusufu. Anakhala kumeneko mpaka dzuwa kupendeka. Pobwera ababa anawachingamira pakhomo.

"Mukanandiuza," anatero.

"Inali nkhani yanga yoti ndikuuzeni?" anayankha amayi. "Ndinakuuzani kuti musaukhudze. Munthu wamkulu zimenezo zimakwana."

Ababa ankafuna chilango, ndipo anachifunafuna. Ananyamula matabwa aja kukawatula kwa Che Ajibu. Mawa lake Che Ajibu anawabweza pa njinga, nati akazi awo akuti m'nyumba mwawo mulibe pomwe angakhale. Ababa anatumiza mbuzi, mbuzi inabwerera. Anapempha Che Ajibu kuti awasumire, kwa amfumu kapena kwa a zankhalango, kulikonse, iwo sadzakana mlandu. Che Ajibu anapukusa mutu.

"Tikasuma, achimwene, ndiye kuti mkazi wanga akaime pabwalo afotokoze zonse. Mukufuna zimenezo?"

Mlandu sunakhalepo, choncho sunathe. Abiti Yusufu sanawatukwane, sanawanyanyale. Akakumana ankaima pambali pa njira, n'kupinda maondo mwaulemu wonse: "Mwadzuka bwanji, a Muhiwa?" Dzina lija la a Limbe silinatulukenso pakamwa pawo. Ababa anandiuza kuti bola mbama kusiyana ndi moni ameneyo. Ndi pamene anayamba kuzungulira kuseri kwa sukulu.

Che Ajibu anayesa kusunga chibwenzi. Ankabwerabe masana ndi bawo yawo kukhwapa. Ababa akawaona akubwera ankalowa kuchipinda n'kundinong'oneza kuti ndinene kuti achokapo. Munthu wa imvi, kubisala kuseri kwa chitseko, njinga yawo ili poonekera pakhonde! Che Ajibu ankayang'ana njingayo, n'kuti, "Chabwino, mwanangu, akabwera uwauze kuti ndinafika." Anabwera kangapo, kenako analeka.

Makina anakhala nthawi yaitali ataphimbidwa ndi lona. Anadzalira tsiku lomwe mwamuna wina wosauka wa m'mudzi mwathu anamwalira, abale ake n'kusowa matabwa a bokosi. Anabweretsa chipika cha malaina, ababa anacheka, ndipo chimene anafuna kuwapatsa anakana. Kuyambira pamenepo ankacheka za maliro zokha. Injini ija ikamveka, azimayi kumjigo ankasiya kupopa n'kufunsana kuti watisiya ndani. Matabwa ake anali okhotabe monga kale, koma panalibenso woseka. Che Ajibu atamwalira, ababa anacheka matabwa a bulugamu otchingira kumanda monga amachitira Asilamu, n'kutuma mwamuna wanga kuti akapereke osatchula kumene achokera. Pamaliropo anakhala kutali, pansi pa mtengo wa mango, ndipo anachoka anthu asanadye.

Ena amati ababa anadzilanga mopitirira, kuti sankadziwa. Iwo mawu amenewo ankadana nawo. Ankati za mwanayo sankadziwadi, koma ankadziwa kuti pali chinachake, chifukwa anthu awiri anawachenjeza, ndipo anasankha tsiku loti onse kulibe. Chimene chinkawawawa kwambiri, anatero tsiku lina tikukonola chimanga, n'choti akakumbukira thabwa loyamba lija mtima wawo umakondwabe pang'ono, asanakumbukire zinazo.

Matenda a shuga atawagoneka, anapempha amayi kuti akaitane Abiti Yusufu. Amayi anazengereza, koma anapita. Abiti Yusufu anabwera masana ndi kabigiri ka thobwa, anakhala pa mphasa pafupi ndi khomo. Ine ndinali pomwepo ndikuwakupiza ababa. Anayesa kudzuka, analephera.

"Mayi, ine ndikupita. Ndinakulakwirani."

"Munandilakwira," anavomera Abiti Yusufu.

Kenako anapitiriza, akuyang'ana manja awo.

"Mwana wanga ali pomwe paja, simunamusunthe. Mtengo ndi mtengo, ukanadzagwa wokha. Chimene chinandipweteka, a Muhiwa, n'choti kale ndinkakhala paja ndekha, anthu n'kumati ndikupuma. Tsopano ndikangoima paja, aliyense wodutsa amandimvera chisoni. Ndinasiya kupitako."

Ababa analira ngati mwana. Abiti Yusufu sanawatonthoze, komanso sanachoke. Anathira thobwa m'kapu, anauza ine kuti ndiwadzutse mutu, n'kuwamwetsa okha pang'onopang'ono, akupukuta ndi nsonga ya mpango wawo lomwe linkatayikira m'ndevu. Potsanzika anati, "Mugone bwino." Ngati kumeneko kunali kukhululuka, ine sindikudziwa. Amayi ndinawafunsa, anati nawonso sadziwa, ndipo si zoti n'kufunsa.

Ababa atamwalira, Pitala, amene nkhaniyi anangoimva pa foni, anaona matabwa ofiira aja m'chisakasa, ouma bwino, osadyedwa ndi chiswe, nati abambo ake agone mu bokosi la m'bawa lomwe anacheka okha. Amayi anamuyang'ana mpaka anaweramitsa mutu. Bokosi tinakagula ku Boma. Makina anagulitsidwa kwa munthu wina wa ku Thyolo, ndipo amayi anamuuza kuti atenge ndi matabwa omwe, asafunse mtengo wake, angowachotsa pamudzi pano.

Chisakasa chija chikadalipo, ngakhale udzu wa padenga wayamba kuthothoka mbali ya kum'mawa. Pansi pali mizere iwiri yolowa m'nthaka pomwe panagona njanji, ndi banga lakuda la oilo pomwe sipamera kanthu ngakhale m'dzinja. Pa nsanamira pakadali msomali wokhota umene ankakolekapo chipewa. Utuchi wakale unasanduka dothi lofewa, ndipo nkhuku zimakonda kusambamo masana. Pitala anati tigwetse timangepo khola la nkhumba, amayi anati chisiyeni kaye. Iwo amayanikamo nandolo mvula ikamaopseza. Akamaliza sakhalamo. Amatenga mpando wawo n'kukakhala panja, padzuwa, atachifulatira.